Marion Barry: Meya Amene Adachoka M'ndende Nabwerera Pampando

Madzulo a Lachinayi, pa 18 Januwale, 1990, mwamuna wina wamtali, wa zaka 53, adalowa m'hotela yotchedwa Vista mumzinda wa Washington, likulu la dziko la Amereka, nakwera kunka ku chipinda cha nambala 727. M'menemo mudali mkazi amene adamuitana, chibwenzi chake chakale. Chimene mwamunayo sadadziwe n'chakuti m'chipindamo adabisamo makamera, ndipo kuseri kwa khoma kudali apolisi a boma a FBI amene ankaona ndi kumva zonse. Awiriwo adacheza kanthawi. Kenaka mwamunayo adatenga kaliwo, nayatsa moto, nakoka utsi wa mankhwala ozunguza bongo otchedwa crack. Asanatuluke m'chipindamo, apolisi adalowa mwaliwiro namugwira.

Akadakhala munthu wamba, nkhaniyi ikadathera kupolisi konko, popeza masiku amenewo ogwidwa ndi crack mumzindawo adali ochuluka tsiku ndi tsiku. Koma wogwidwayo adali Bambo Marion Barry, meya wa Washington, amene adali atalamula mzindawo zaka 11. Kutacha mbiriyo idawanda dziko lonse lapansi, ndipo ambiri adati zawo zathera pamenepo. Zaka zisanu zisanakwane, munthu yemweyo, atagona m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, adaima pamaso pa khamu la anthu nalumbiranso kukhala meya wa mzinda womwewo, atasankhidwa ndi anthu omwe aja amene adamuona pa televizioni akusuta.

Munthu sangamvetse chimene anthu a mumzindawo adachitira zotere ngati sadziwa kumene a Barry adachokera, ndi mtundu wa mzinda umene adaupeza.

Mwana wa m'munda wa thonje

Marion Barry adabadwa pa 6 Malichi, 1936, m'kamudzi kotchedwa Itta Bena m'chigawo cha Mississippi, kummwera kwa Amereka. Makolo ake adali alimi opanda munda wawowawo. Ankalima thonje m'munda wa eni ake n'kumagawana nawo zokolola, monga achitira matenanti, ulimi umene munthu amakhetsa thukuta chaka chathunthu koma n'kutsala ndi ngongole. Marion akadali wamng'ono, mayi ake, a Mattie, adasamukira naye ku mzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee, kumene ankagwira ntchito za m'nyumba. Bambo ake adamwalira iye asanafike powadziwa bwino.

Masiku amenewo malamulo a tsankho adali akadalimba kummwera kwa dzikolo. Munthu wakuda ankakhala kumbuyo m'basi, ankamwa madzi pampopi wakewake, ndipo ana ake ankaphunzira sukulu yawoyawo. Mnyamatayo adakula ndi maganyu: kutola thonje, kugulitsa nyuzipepala, ndi ntchito zina zimene zikadapezeka. Koma m'kalasi adali wanzeru. Adamaliza maphunziro a sayansi ya kemisitiri pa koleji ya LeMoyne m'chaka cha 1958, napita ku yunivesite ya Fisk, mumzinda wa Nashville, kumene adalandira digiri yachiwiri mu 1960.

Kulimba mtima kwake kudaonekera ali pa koleji pomwepo. Mmodzi wa akuluakulu oyang'anira koleji ya LeMoyne, mzungu wotchedwa Walter Chandler, adayankhula mawu onyoza anthu akuda poteteza tsankho la m'mabasi. Marion adalemba kalata yoti mkuluyo atule pansi udindo, ndipo padatsala pang'ono kuti amuchotse sukulu. Anzake, poona kuyankhula kwake kosaopa, adamupatsa dzina lakuti Shepilov, potengera dzina la mkulu wina wandale wa ku Soviet Union amene ankamveka m'nyuzipepala masiku amenewo. M'malo mokwiya, iye adalitenga dzinalo nalisandutsa lake lapakati. Khalidwe limeneli, lotola dzina lachipongwe n'kuliyesa chisoti, adali nalo mpaka imfa.

Ku Nashville adalowa m'gulu la ophunzira amene ankakhala pansi m'malo odyera a azungu okhaokha n'kukana kuchoka, osabwezera ngakhale akumenyedwa. Mu Epulo 1960 ophunzira otere ochokera m'makoleji ambiri adakumana pa yunivesite ya Shaw nakhazikitsa bungwe lodziwika ndi zilembo zakuti SNCC, ndipo wapampando wake woyamba adali Marion Barry. Adayambanso maphunziro a udokotala wa sayansi, koma adawasiya asanamalize kuti adzipereke ku ntchito ya bungwelo. Mphunzitsi aliyense akadati mnyamatayu wataya mwayi. Iye adaona kuti ntchito yake idali pamsewu, osati m'chipinda choyeseramo mankhwala.

Mzinda wopanda mwini

A Barry adafika ku Washington m'chaka cha 1965, atatumidwa ndi bungwe lawo. Mzinda umenewu ndi wosiyana ndi mizinda ina yonse ya ku Amereka. Suli m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo, ndipo malamulo aakulu a dziko adauika m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Kuyambira mu 1874 unkalamulidwa ndi akuluakulu atatu osankhidwa ndi Pulezidenti. Anthu ake adalibe meya wosankha okha, adalibe makhansala, ndipo adavotera Pulezidenti koyamba m'chaka cha 1964. Chodabwitsa n'chakuti zimenezi zinkachitika m'likulu la dziko limene linkaphunzitsa maiko ena za ufulu wosankha atsogoleri.

Pofika mu 1970, anthu 7 mwa anthu 10 alionse mumzindawo adali akuda. Koma komiti ya aphungu yoyang'anira mzindawo idatsogozedwa zaka zambiri ndi a John McMillan a ku South Carolina, munthu wokonda tsankho, amene sadafune n'komwe kumva zoti anthu akuda adzilamule. Ntchito zapamwamba za boma la mzinda, makontirakiti ndi maudindo a kupolisi, zambiri zidali m'manja mwa azungu.

Mlendoyo sadachedwe kudziwika. Mu Januwale 1966 adatsogolera anthu kunyanyala mabasi tsiku limodzi pokana kukwera kwa mtengo, ndipo adayambitsanso gulu lomenyera kuti mzindawo udzilamule. Mu 1967, pamodzi ndi Mary Treadwell, amene pambuyo pake adadzakhala mkazi wawo, adakhazikitsa bungwe la Pride, limene ndi ndalama za unduna wa zantchito lidalemba anyamata mazanamazana osowa chochita, ena a iwo otuluka m'ndende, kuti azisesa tinjira ta mumzinda ndi kupha makoswe. Idali ntchito yonyozeka, koma kwa ambiri a anyamatawo adali malipiro oyamba m'moyo wawo, ndipo sadaiwale amene adawalemba.

Mu 1971 a Barry adasankhidwa kulowa m'komiti yoyang'anira sukulu za mumzindawo, nakhala wapampando wake. Lamulo lopatsa mzindawo mphamvu zodzilamula litakhazikitsidwa mu 1973, adapambana mpando wa ukhansala pa chisankho choyamba cha 1974. Malaya achiafirika amene ankavala pamsewu adawavula, navala suti.

Koma ufulu umene mzindawo udalandira udali wa mbuzi yomangidwa chingwe. Nyumba ya Malamulo idasunga mphamvu yofafaniza lamulo lililonse la khonsolo ndi yovomereza ndondomeko ya chuma chaka ndi chaka. Mzindawo udaletsedwa kudula msonkho pa malipiro a anthu ogwira ntchito momwemo koma okhala m'zigawo zoyandikana za Maryland ndi Virginia. Malo ambiri ndi a boma lalikulu, osakhomeredwa msonkho. Ndiponso woimba anthu milandu ikuluikulu sasankhidwa ndi anthu a mumzindawo, koma ndi Pulezidenti. Mfundo yotsirizayi idadzakhala yaikulu pa mlandu wa a Barry.

Chipolopolo pafupi ndi mtima

Pa 9 Malichi, 1977, amuna 12 onyamula mfuti, otsogozedwa ndi Hamaas Abdul Khaalis, adalanda nyumba zitatu mumzindawo nagwira anthu pafupifupi 150. Imodzi mwa nyumbazo idali ya maofesi a khonsolo. Mtolankhani wachinyamata, Maurice Williams, adaphedwa pomwepo, ndipo a Barry adalasidwa pachifuwa, kachipolopolo n'kuima pafupi ndi mtima. Adachira, ndipo chaka chotsatira adaima pa chisankho cha meya.

Mumzinda wa Washington chipani cha Democratic n'champhamvu kwambiri, kotero kuti wopambana pa chisankho cha m'chipanimo amakhala ngati wapambana kale. Mu 1978 opikisana adali atatu: meya wokhalapo, a Walter Washington, wapampando wa khonsolo, a Sterling Tucker, ndi a Barry. Mabanja akale a anthu akuda ophunzira ankawaona a Barry ngati wobwera, mwana wa kumunda wosadziwa mwambo. Amene adawakweza adali achinyamata, osauka, ndi azungu ofuna kusintha, mothandizidwa ndi nyuzipepala yaikulu ya Washington Post imene idalemba mobwerezabwereza kuti anthu awavotere. Adapambana ndi mavoti ochepa, nalumbira pa 2 Januwale, 1979.

Zaka zoyambazo ndizo zimene okonda a Barry amakumbukira. Adalamula kuti mabuku a chuma cha mzinda awerengedwe bwinobwino, chinthu chimene chidali chisanachitikepo mokwanira. Adayambitsa ndondomeko yakuti wachinyamata aliyense wofuna ntchito pa tchuthi cha nyengo yotentha aipeze. Adalimbikira lamulo lakuti magawo 35 pa 100 alionse a makontirakiti a boma la mzinda azipita kwa makampani a anthu akuda ndi mitundu ina yotsalira. Maofesi amene kale munthu wakuda ankalowamo ndi tsache lokha adadzaza ndi makalaliki, mainjiniya ndi mabwana achikuda. Pakati pa mzinda padamera nyumba zazitali, ndipo mu 1986 adatsegula maofesi aakulu a boma pamphambano ya misewu ya 14th ndi U, dera limene lidapsa pa zipolowe za 1968 Martin Luther King ataphedwa, ndipo lidakhala bwinja zaka zambiri.

Mwa zonsezi, ntchito za patchuthi ndizo zidamera mizu. Mpaka lero mumzindawo muli aphunzitsi, maloya ndi madalaivala amene amanena kuti ntchito yawo yoyamba adawapatsa ndi Marion Barry. Anthu oterewa adali mavoti oyenda, ndipo meyayo ankadziwa zimenezi. Adapambananso mosavuta mu 1982 ndi mu 1986.

Chikomekome cha nkhuyu

M'kati mudayamba kulowa nyerere. Mu 1983 Mary Treadwell, amene panthawiyo ukwati wawo udali utatha, adapezeka wolakwa pa mlandu wa ndalama za nyumba za anthu osauka. Mu 1985 a Ivanhoe Donaldson, bwenzi lawo la masiku a SNCC, katswiri wokonza kampeni amene adakhala wachiwiri kwa meya, adavomera kuti adaba ndalama za mzinda pafupifupi madola 190,000, ndipo adalamulidwa kukakhala m'ndende zaka 7. Akuluakulu ena angapo adatsatira njira yomweyo. A Barry eni sadapezekepo ndi mlandu wakuba, ndipo ngakhale adani awo amavomereza kuti sadadzikundikire chuma. Koma makontirakiti ankapita kwa abwenzi, antchito a boma adachuluka kupitirira muyeso, pamene ambulansi zinkachedwa, nyumba za boma zinkagumuka, ndipo sukulu zinkalowa pansi.

Mphekesera za mowa, akazi ndi kokeni zidayamba kumveka. Meyayo ankapezeka m'malo achisangalalo usiku, ndipo akafunsidwa ankadzitcha kadzidzi. Kwawoko dzinali lingotanthauza munthu wochezera usiku. Kuno munthu sangafune kutchedwa ndi dzina la mbalame imeneyi. Mu Januwale 1987 chipale chidakwirira misewu ya Washington, magalimoto osayenda, pamene meya adali ku California kumene adapita kukaonera mpira.

Nthawi yomweyo mumzindawo mudalowa crack. Uwu ndi mtundu wa kokeni wophikidwa n'kuuma ngati timiyala, wosuta ndi kaliwo, wotsika mtengo, ndipo umagwira munthu msanga osafuna kumutaya. Anyamata ogulitsa adayamba kuphana polimbirana misika. Mu 1985 anthu ophedwa mumzindawo sadakwane 150. Mu 1988 adali 369, mu 1989 adapitirira 400, ndipo mu 1991 adafika pafupifupi 480, mumzinda wa anthu ngati 600,000 okha. M'zaka zimenezi a Barry ankayendera sukulu kulangiza ana kuti apewe mankhwala ozunguza bongo.

Mu Disembala 1988 apolisi awiri adapita ku hotela ya Ramada kukafufuza munthu wina amene ankamuganizira kuti ali ndi kokeni. Atamva kuti m'chipinda cha munthuyo muli meya, adabwerera. Nkhaniyo idatuluka m'nyuzipepala, ndipo a Barry ataitanidwa pamaso pa gulu la nzika lofufuza milandu, adalumbira kuti sadziwa kanthu za mankhwalawo. Wakutsina khutu adalipo, ndipo sadali mmodzi, koma iwo sadamve. Munthu wa ku Ramada uja atamangidwa adayamba kuulula, ndipo woimira boma pa milandu, a Jay Stephens, adagwirizana ndi a FBI kutchera msampha wa ku Vista.

Mlandu

Atatulutsidwa pa belo, a Barry adavomera poyera kuti ali ndi zofooka, napita kukalandira chithandizo ku Florida ndi ku South Carolina. Mu Juni adalengeza kuti sadzaimanso pa chisankho cha meya, ndipo mwezi womwewo mlandu udayamba pamaso pa woweruza Thomas Penfield Jackson. Milandu idalipo 14: itatu ya kunama atalumbira, khumi ya kupezeka ndi mankhwala, ndi umodzi wa kupangana ndi ena kuti apeze mankhwalawo. Itatu yoyambayo ndiyo idali yoopsa.

Mboni zidabwera motsatizana, abwenzi akale ndi zibwenzi zakale, kusimba za kusuta m'mahotela, m'nyumba za anthu ndi ku zisumbu za Virgin Islands. Mkazi wawo, Mayi Effi Barry, ankakhala m'bwalomo tsiku ndi tsiku, chete, akumva zonsezo. Chakumapeto kwa Juni, m'sabata imene Nelson Mandela, atangotuluka kumene m'ndende, adayankhula ku Nyumba ya Malamulo ya Amereka, kanema wa ku Vista adaonetsedwa m'bwalo ndi pa televizioni. Anthu akuda a mumzindawo adaona atsogoleri awiriwo m'masiku omwewo.

Kanemayo adadula mbali zonse ziwiri. Adaonetsa meya akusuta, chinthu chosatheka kuchikana. Koma adaonetsanso kuti chimene meyayo adadzera kwenikweni chidali mkaziyo, ndi kuti nkhani ya mankhwala idabwerezedwa kangapo iwo asanalole. Mkaziyo adachita kumutenga a FBI kuchokera ku California, ndipo mankhwalawo adali a boma. Atagwidwa, a Barry adamveka akutukwana mobwerezabwereza kuti mkaziyo wawatchera msampha, mawu amene anthu adawasindikiza pa malaya n'kumagulitsa kunja kwa bwalo.

Loya wawo, a R. Kenneth Mundy, adali munthu wochenjera. M'malo mokana zonse, adavomera kuti meyayo ankagwiritsadi ntchito kokeni nthawi zina, koma adati mboni za boma n'zogula ufulu wawo ndi mabodza, ndipo boma lidataya nthawi ndi chuma chambiri kusaka munthu mmodzi. Kwa anthu akuda ambiri mawu amenewa sadali achilendo. Ankakumbukira kuti FBI yomweyo, pansi pa J. Edgar Hoover, idatchera makutu m'zipinda za Martin Luther King pofuna kumuchititsa manyazi. Ankaonanso kuti woimba mlanduyo adali mzungu wosankhidwa ndi Pulezidenti wa chipani cha Republican, osati ndi iwo. Azungu ambiri, pamodzi ndi anthu akuda ena, ankangoona mtsogoleri wonama amene ankagula katundu yemweyo amene ankapha ana a mumzinda wake. Kunena zoona, onsewo adali ndi mfundo. Msampha udatcheredwadi, koma nyambo sadachite kuwadyetsa.

Ku Amereka wogamula ngati munthu ndi wolakwa si woweruza, koma nzika 12, ndipo ziyenera kugwirizana zonse. Pa 10 Ogasiti, 1990, nzikazo zidapeza a Barry olakwa pa mlandu umodzi wokha waung'ono, wa kupezeka ndi kokeni mu Novembala 1989. Pa mlandu wina zidati sadalakwe, ndipo pa milandu 12 yotsalayo, kuphatikizapo wa ku Vista womwe uja, zidalephera kugwirizana. Woweruza Jackson adakwiya, ndipo pambuyo pake adanena poyera kuti sadaonepo mlandu wa boma wolimba ngati umenewo. Mu Okutobala adawalamula kukakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi ndi kulipira madola 5,000.

Otsatira awo adati chilangocho n'chankhanza kwa munthu wolakwa koyamba. Koma malamulo a 1986 ndi 1988 ankati wopezeka ndi magalamu 5 a crack akakhale m'ndende zaka zosachepera zisanu, chilango chofanana ndi cha wogulitsa magalamu 500 a kokeni waufa, ndipo anyamata akuda ambirimbiri a mumzinda womwewo ankapita kundende pa malamulo amenewa popanda wowalirira kunja kwa bwalo.

Chilango chitangoperekedwa, a Barry adaima pa chisankho cha ukhansala mu Novembala, nagonja. Aka kadali koyamba ndi kotsiriza kugonja pa chisankho. Mkazi wawo adachoka pakhomo ndi mwana wawo, Christopher. Adalowa m'ndende mu Okutobala 1991 ku Petersburg, m'chigawo cha Virginia, nasamutsidwira ku Loretto, ku Pennsylvania, ndipo adatuluka mu Epulo 1992. Anthu adapita pa mabasi kukawachingamira.

Mwana wolowerera

Atabwerako adakakhala kutsidya kwa mtsinje wa Anacostia, m'dera lachisanu ndi chitatu, losauka koposa madera onse a mzindawo. Adavalanso zovala zachiafirika, nayamba kuyenda m'matchalitchi kusimba za kugwa ndi kudzuka kwawo. M'dera limenelo mabanja ochepa okha adalibe mbale wogwidwa ndi mankhwala kapena wokhala m'ndende, motero uthengawo udagwera panthaka yachonde. Amene adawakhululukira sadachite chifukwa cha umbuli, monga ena ankanenera. Ankadzifunsa kuti ngati munthu uyu sangadzuke, nanga mwana wawo adzadzuka bwanji? Chaka chomwecho adapambana mpando wa ukhansala, ndi mawu a kampeni akuti ngakhale sali wangwiro, ndiye woyenera mzindawo.

Meya amene adalowa m'malo mwawo, Mayi Sharon Pratt Kelly, adalonjeza kusesa m'nyumba koma zinthu sizidawayendere. Mu 1994 a Barry adalembetsa ovota atsopano zikwizikwi, achinyamata ndi otuluka m'ndende, napambana chisankho cha m'chipani ndi magawo 47 pa 100. Atafunsidwa za azungu amene adakhumudwa ndi kupambanako, adayankha mwachidule kuti angozolowera. Mu Novembala adagonjetsa Mayi Carol Schwartz ndi magawo 56 pa 100.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pa chisankho chomwecho chipani cha Republican chidatenga Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu ake sadafune kuona ndalama za boma m'manja mwa munthu wa ku Vista. Mu Febuluwale 1995 meyayo adaulula kuti chuma cha mzinda chaperewera ndi madola 722 miliyoni. Gawo lina la dzenjelo lidakumbidwa iwo kulibe, lina lidachokera ku chingwe chija cha 1973, koma lina lidali chipatso cha ulamuliro wawo wa zaka 12. Mu Epulo Pulezidenti Bill Clinton adasaina lamulo lokhazikitsa komiti ya anthu asanu yoyang'anira chuma cha mzinda, yotsogozedwa ndi katswiri wa zachuma, a Andrew Brimmer. Msungichuma watsopano, a Anthony Williams, meya sakadatha kuwachotsa ntchito mwa iye yekha. Makhoti nawo adalanda nthambi zina, monga ya nyumba za boma ndi yosamalira ana ovutika. Mu 1997 nthambi zikuluzikulu 9 zidachotsedwa m'manja mwa meya, iwo n'kutsala ndi zing'onozing'ono monga malo osewerera ndi nyumba zowerengeramo mabuku.

Apa ndiye padali chilango chenicheni, choposa cha ku Loretto. Munthu amene adadza mu 1965 kudzamenyera kuti mzindawo udzilamule ndiye adali pampando pamene kudzilamulako kunkalandidwa. Mu 1998 sadaimenso, ndipo a Williams, msungichuma uja, adasankhidwa kukhala meya. Komiti ija idasiya ntchito mu 2001 chuma chitakhazikika.

Zaka zotsiriza

Kukhala pansi kudawakanika. Mu 2004 adapambananso ukhansala wa dera lawo lija, nausunga mpaka imfa, koma milandu sidawasiye. Mu 2005 adavomera mlandu wosapereka makalata a msonkho, ndipo powayeza m'thupi adawapeza ndi kokeni ndi chamba. Chaka chotsatira adapatsidwa zaka zitatu zokhala kunja moyang'aniridwa. Mu 2009 adawaika impso ina. Mu Malichi 2010 makhansala anzawo onse 12 adawadzudzula ndi kuwachotsa pa upampando wa komiti, kafukufuku atapeza kuti adapereka kontirakiti ya madola 15,000 kwa mkazi amene adali naye pachibwenzi. Mu 2013 adadzudzulidwanso chifukwa cholandira madola 6,800 kwa anthu ochita malonda ndi boma la mzinda. Ndalama zake zidali zochepa poyerekeza ndi zimene andale ena amagwa nazo, koma zidasonyeza munthu amene sankaonanso malire pakati pa thumba la mzinda ndi zosowa zake. Ovota a kutsidya kwa Anacostia ankamva zonsezi, n'kumawasankhabe.

Nyuzipepala ina ya mumzindawo, Washington City Paper, idawapatsa dzina lachipongwe lakuti Meya Wamuyaya. Monga adachitira ndi dzina la Shepilov, adalitola nalivala, ndipo buku la mbiri ya moyo wawo limene lidatuluka mu 2014 adalitcha Mayor for Life. Adamwalira pa 23 Novembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 78, patangopita maola ochepa atatuluka m'chipatala. Mwambo wa maliro udatenga masiku atatu, ndipo bokosi lawo lidayendetsedwa m'misewu ya dera lawo anthu ataima m'mbali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Christopher, adayesa kulowa pampando wa bambo wake koma adagonja, ndipo mu Ogasiti 2016 adamwalira ndi mankhwala ozunguza bongo, ali ndi zaka 36.

Ndondomeko ya ntchito za patchuthi idatchedwa dzina lawo mu 2015. Mu Malichi 2018 chiboliboli chawo chidaimikidwa kunja kwa maofesi a khonsolo, nyumba yomwe ija adalasidwiramo, ndipo mu 2023 msewu wa Good Hope, kutsidya kwa Anacostia, udasinthidwa kukhala Marion Barry Avenue. Thupi lawo lidaikidwa m'manda akale otchedwa Congressional Cemetery, momwenso mudagona J. Edgar Hoover, mkulu wa FBI uja.